Mmene Mungaphunzitsire Antchito Kulemekeza Anzawo Aulumali Pamalo a Ntchito

Tsiku lina ndinakhala nawo pa intavyu pa ofesi ina, ndipo mmodzi mwa ofuna ntchitoyo anali mayi wosamva amene anabwera ndi womasulira chinenero chamanja. Kuyambira funso loyamba mpaka lomaliza, akuluakulu atatu amene ankafunsa mafunsowo maso awo anali pa womasulirayo, ndipo aliyense ankayamba ndi mawu akuti, "Tawafunsani mayiwa kuti anagwirapo ntchito kuti," ngati kuti mwini wa masatifiketi amene anali patebulopo anatsala panja. Mayiwo ankayankha mwaluso, koma nkhope yawo inkaonetsa kuti akuona zonse zimene zikuchitika. Akuluakuluwo sanali anthu ankhanza. Chimene chinavuta n'chakuti panalibe amene anawauzapo kuti womasulira amangopereka mawu, ndipo woyenera kumuyang'ana ndi amene mukulankhula nayeyo. Inenso ndinakhala chete mpaka intavyu inatha, ndipo kukhala chete kumeneko kumandipwetekabe mumtima.

Khalidwe lotere limatha munthu akaphunzitsidwa bwino. Malangizo otsatirawa ndi a mwini kampani, manijala kapena wogwira ntchito mu ofesi yoona za antchito amene akufuna kukonza maphunziro oterewa. Mfundo yoti muigwire kuyambira pachiyambi ndi iyi: maphunzirowa amapindula pokhapokha ngati anthu aulumali eni ake ali pakati pa zokonzekerazo, komanso ngati pambuyo pake chinachake chooneka ndi maso chasintha pamalopo.

Choyamba: dziwani chifukwa chake, ndipo mabwana akhale m'chipindamo

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2022 kuti anthu pafupifupi 1.3 biliyoni ali ndi ulumali waukulu, amene ndi anthu 16 pa 100 alionse, kapena kuti munthu mmodzi pa anthu 6. Manijala amene amanena kuti "kuno kulibe olumala" nthawi zambiri amakhala akuwerenga njinga za olumala ndi ndodo zokha, pomwe ulumali wambiri suoneka ndi maso. Pali khunyu, kumva movutikira, ululu wa m'thupi wosatherapo, matenda a maganizo ndiponso vuto la kuwerenga. Ena anabisa vuto lawo tsiku limene ankalembedwa ntchito poopa kubwezedwa, ndipo ena analowa ntchito ali bwinobwino koma ngozi, sitiroko kapena matenda a shuga zinawapeza pambuyo pake. Akale ananena kale kuti lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza, choncho amene akukonza malo a ntchito lero angakhale akudzikonzera yekha.

Nkhaniyi ndi ya ufulu, osati ya chifundo. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali linavomerezedwa pa 13 Disembala 2006 ndipo linayamba kugwira ntchito pa 3 Meyi 2008. Ndime 27 ya panganoli imakamba za ntchito, kuyambira pa kalembedwe ka anthu, malipiro, kukwezedwa pa udindo mpaka chitetezo pamalo ogwirira ntchito, ndipo ndime 2 imanena kuti kukana kusintha zinthu moyenera kuti munthu waulumali athe kuchita nawo zimene ena akuchita ndi tsankho. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linali litakhazikitsa kale pangano lake nambala 159 lokhudza ntchito za anthu aulumali mu 1983. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, choncho werengani a kwanuko musanaime pamaso pa antchito.

Mukatero, pitani kwa bwana wamkulu ndipo mumupemphe chinthu chimodzi, choti akhale pansi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Bwana akangotsegulira maphunziro n'kunyamuka ponena kuti ali ndi msonkhano wina, aliyense m'chipindamo amamva uthenga wake, ndipo zotsalazo zimangokhala zochotsa lawama.

Chachiwiri: yendani pamalopo musanaitane aliyense

Tengani kope, cholembera ndi tepi yoyezera, ndipo ngati n'kotheka muyende limodzi ndi munthu amene amagwiritsa ntchito njinga ya olumala kapena ndodo yoyera. Yambirani pageti, osati mu ofesi yanu. Onani ngati pali masitepe pakhomo lolowera, ndipo ngati pali njira yotsetsereka yokwererapo njinga, muiyeze. Muyezo wodziwika kwambiri ndi wakuti pa sentimita imodzi iliyonse yokwera pamafunika masentimita 12 m'litali, kutanthauza kuti khonde lokwera masentimita 30 limafuna njira yotalika mamita 3.6. Thabwa longoyedzamiritsa pamasitepe silithandiza, ndipo likhoza kugwetsa munthu chagada. Yezani mpata wa zitseko, umene uyenera kukhala wa masentimita 80 mpaka 90, ndipo muonenso ngati pali malo okwana masentimita 150 oti njinga itembenukirepo.

Mukafika ku chimbudzi cha anthu aulumali, tsegulani chitseko n'kuyang'ana m'kati. M'malo ambiri mudzapeza kuti chimbudzichi chinasanduka mosungira mabigiri, mopu, mipando yothyoka ndi makatoni a mafayilo akale, ndipo kiyi wake ali ndi munthu mmodzi amene mwina lero sanabwere. Munthu wamkulu amene amayenera kupempha kiyi nthawi iliyonse akafuna kudzithandiza walandidwa ulemu wake, ngakhale antchito onse atamamupatsa moni wa nsangala.

Kenako yang'anani mapepala ndi mauthenga. Kodi zidziwitso zimangomatidwa pabolodi, kapena zimangolengezedwa pakamwa? Kodi fomu yofunsira ntchito ikhoza kudzazidwa ndi munthu wosaona? Anthu osaona amagwiritsa ntchito mapulogalamu amene amawerenga mokweza zolembedwa pa kompyuta kapena pa foni, monga NVDA, JAWS, VoiceOver ndi TalkBack, koma kalata imene yangojambulidwa ngati chithunzi n'kutumizidwa pa imelo imakhala yovuta kwa mapulogalamuwa chifukwa mulibe zilembo zenizeni zoti awerenge. Zonse zimene mwaona muzilembe, chifukwa zitsanzo za m'maphunziro anu zidzachokera m'kope lomweli.

Chachitatu: sankhani wophunzitsa

Wophunzitsa woyenera ndi munthu waulumali amene ali ndi luso lophunzitsa, ndipo mabungwe oyendetsedwa ndi anthu aulumali eni ake angakulozereni munthu wotero. Kwa zaka zambiri anthu aulumali padziko lonse akhala akubwereza mfundo yakuti zokhudza iwo zisakambidwe iwo palibe, ndipo maphunziro anu ndi malo oyamba osonyezera kuti mwaimva. Mulipireni monga mumalipirira katswiri wina aliyense, pakuti kumupempha kuti abwere mwaulere poti "nkhaniyi ndi yawo yomwe" n'kuyamba maphunziro a ulemu ndi chipongwe. Kumbukiraninso kuti munthu mmodzi sangalankhulire onse. Wosaona sadziwa zonse zimene wosamva amakumana nazo, choncho ngati thumba likulola, itanani awiri kapena atatu.

Ngati muli kale ndi wantchito waulumali, musamuike patsogolo iye asanafune. Anabwera kudzawerengera ndalama kapena kudzakonza makina, osati kudzakhala chitsanzo choti anthu aziphunzirirapo. Mufunseni pambali ngati angakonde kuthandizapo, ndipo akakana, nkhaniyo ithere pomwepo.

Pali masewero ena amene ophunzitsa ambiri amawakonda, omanga anthu nsalu m'maso kapena kuwakhazika panjinga kwa mphindi khumi kuti "amve mmene zimakhalira." Ine ndikukulangizani kuti muwasiye. Munthu womangidwa m'maso kwa kanthawi kochepa amangomva mantha n'kumapunthwa, ndipo amatuluka akuganiza kuti moyo wa munthu wosaona ndi mantha okhaokha, pomwe mnzake wosaonayo anaphunzira kwa zaka zambiri kuyenda, kulemba ndi kugwira ntchito mwa njira yake. Chimene chimatsala m'mitima ndi chisoni, ndipo munthu amene ukumumvera chisoni sumupatsa udindo. Ndi bwino kwambiri kuti antchito aone wophunzitsa wosaona akutsegula imelo ndi kuyankha makalata pa kompyuta, mawu a pulogalamuyo akuthamanga moti ena onse akulephera kutolapo kanthu. Zimenezi zimasintha maganizo kuposa nsalu ya m'maso.

Chachinayi: maphunzirowo akhale oti aliyense atengepo mbali

M'kalata yoitanira anthu, ikanimo chiganizo chonga ichi, ndipo chipite kwa aliyense popanda kusankha: "Ngati pali chimene mukufuna kuti tikonze kuti mudzatsatire bwino maphunzirowa, tiuzeni pofika tsiku lakutilakuti." Tumizani zowerenga kutatsala mlungu, ndipo mufunse munthu aliyense mtundu wa zolemba umene akufuna, chifukwa si munthu aliyense wosaona amene amawerenga zilembo za Braille, zija zowerenga pozikhudza ndi zala. Ena amafuna zilembo zikuluzikulu, ndipo ena amangofuna fayilo ya pa kompyuta. Chinenero chamanja nachonso si chimodzi padziko lonse, moti cha ku Britain n'chosiyana ndi cha ku America ngakhale kuti maiko awiriwa amalankhula chilankhulo chimodzi, choncho pezani womasulira wa chinenero chimene anthu anuwo amagwiritsa ntchito. Ngati maphunziro apitirira ola limodzi, pamafunika omasulira awiri oti azisinthana mphindi 20 kapena 30 zilizonse, ndipo aime poyera pamene nkhope ndi manja awo zikuoneka bwino. Mavidiyo akhale ndi mawu olembedwa m'munsi. Wophunzitsa akaonetsa chithunzi, afotokoze zimene zilipo m'malo mongonena kuti "monga mukuoneramu."

Musasiye alonda, olandira alendo, madalaivala ndi osesa, popeza iwowa ndi amene mlendo amayamba kukumana nawo.

Chachisanu: zimene muyenera kuphunzitsa

Phunziro lalikulu ndi limodzi, ndipo ena onse amachokera pamenepa: funsani kaye, dikirani yankho, ndipo tsatirani yankholo. Safunsa anadya phula. Anthu ambiri amtima wabwino amathamangira kugwira mkono wa munthu wosaona kapena kukankha njinga osanena kanthu, osadziwa kuti akumudzidzimutsa munthuyo ndipo mwina akumupititsa kumene samafuna. Mawu ake ndi ochepa: "Pepani bambo, pali chimene ndingakuthandizeni?" Akavomera, funsaninso kuti, "Ndikuthandizeni bwanji?" Akakana, nenani kuti chabwino ndipo pitirizani ulendo wanu osakhumudwa, chifukwa iye ndi amene amadziwa thupi lake ndi njira yake.

Pa nkhani ya mawu, phunzitsani antchito kutchula munthu ndi dzina lake. Mawu onga akuti "uja wa njinga uja" kapena "uja wa mwendo uja" amachititsa kuti munthu yense asanduke chiwalo chimodzi. Mawu monga wopunduka, chitsiru, wamisala ndi napweri asamvekenso pamalopo, ngakhale pocheza kapena mwanthabwala. Anthu ambiri amakonda kuti munthu ayambe kutchulidwa ulumali usanatchulidwe, monga kunena kuti munthu amene ali ndi khunyu, koma ena, makamaka pakati pa anthu osamva, amanyadira dzina la gulu lawo ndi chinenero chawo, choncho mverani mmene mwini wake amadzitchulira. Kudandaula mokweza kuti "mayo ine, zomvetsa chisoni" kumapweteka, ndipo kutamanda munthu mopitirira chifukwa chongofika kuntchito pa nthawi yake nakonso kumamuchepetsa. Komabe musachititse anthu mantha mpaka azilephera kulankhula. Palibe cholakwika kuuza mnzanu wosaona kuti "tionana mawa" kapena kufunsa wosamva kuti "mwamva nkhani ija?" chifukwa iwonso amalankhula choncho.

Kwa munthu woyenda panjinga, njingayo ili ngati mbali ya thupi lake. Musaitsamire, musapachikepo chikwama, ndipo musaikankhe musanapemphe. Ngati kucheza kukutalika, kokani mpando mukhale pansi kuti mnzanuyo asathyoke khosi pokuyang'anani m'mwamba. Ndodo zoyendera zisachotsedwe pamene mwini wake waziika n'cholinga choti m'chipinda muoneke mwadongosolo.

Mukalowa mu ofesi ya munthu wosaona, nenani dzina lanu, ndipo potuluka nenaninso kuti mukutuluka kuti asapitirize kulankhula yekha. Akapempha kuti mumutsogolere, musamugwire n'kumamukoka. Mulekeni agwire mkono wanu pamwamba pang'ono pa chigongono, inu muziyenda patsogolo pang'ono, ndipo mukafika pa masitepe muime n'kumuuza ngati ndi okwera kapena otsika. Pomupatsa mpando, ikani dzanja lake pa choyedzamira cha mpandowo ndipo iye akhala yekha. Mawu akuti "apo" ndi "uko" alibe tanthauzo kwa iye, choncho nenani kuti chitseko chili kumanja kwake, mamita awiri kutsogolo. Musasunthe zinthu za patebulo pake, ndipo chitseko chizikhala chotsekeratu kapena chotseguliratu, chifukwa chotsegula theka chimamenya pamphumi. Ngati ali ndi galu womutsogolera, galuyo ali pantchito, ndipo sayenera kugwidwa, kuitanidwa kapena kupatsidwa chakudya. Anthu ambiri achialubino amaona movutikira ndipo khungu lawo limapsa ndi dzuwa, choncho amafunika zilembo zikuluzikulu, mpando wa kutsogolo pamsonkhano, ndipo ngati ntchito ndi ya panja, amafunika mthunzi, chipewa, zovala za manja aatali ndi mafuta oteteza khungu.

Pofuna kulankhula ndi munthu wosamva, mukodoleni ndi dzanja pamene akukuonani kapena mumugwire pang'ono paphewa. Muyang'aneni, chotsani dzanja pakamwa, ndipo lankhulani mwachibadwa. Kukuwa kumapotoza milomo, ndipo kwa amene ali ndi kachipangizo kothandiza kumva kumangopweteka m'khutu. Antchito adziwe kuti kuwerenga milomo kumathandiza pang'ono chabe, popeza mawu ambiri amaoneka ofanana. Auzeni ayese kunena "pano" ndi "mano" osatulutsa mawu, aone ngati mnzawo angasiyanitse. Zikavuta, lembani papepala kapena pa foni. Mawu oyenera kuwaletsa kotheratu ndi akuti "basi zisiyeni, si zofunika," amene munthu amanena akatopa kubwereza, chifukwa kwa wosamvayo amatanthauza kuti iyeyo ndi amene si wofunika. Pamsonkhano azilankhula munthu mmodzi pa nthawi imodzi.

Munthu wachibwibwi musamumalizire mawu. Dikirani, ndipo ngati simunamve, pemphani kuti abwereze m'malo mogwedeza mutu ngati mwamva. Kwa amene amatenga nthawi kuti amvetse zinthu, perekani malangizo amodzi pa nthawi imodzi, muonetseni kachitidwe kake, ndipo muzilankhula naye ngati munthu wamkulu. Anthu ena amene ali ndi autism, umene ndi mkhalidwe wa ubongo wokhudza mmene munthu amachezera ndi ena ndiponso mmene amamvera zinthu zomuzungulira, amasokonezeka ndi phokoso kapena magetsi owala kwambiri, ndipo kusakuyang'anani m'maso sikutanthauza mwano.

Khunyu ndi lofunika kuthera nalo nthawi, chifukwa pamenepa umbuli umavulaza. Khunyu silipatsirana, ndipo malovu a munthu amene wagwa alibe vuto kwa womuthandiza. Munthu akagwa, chotsani zinthu zimene zingamupweteke, ikani kanthu kofewa kunsi kwa mutu wake, ndipo yang'anani wotchi. Musamupanikize kuti asiye kugwedezeka, ndipo musamuike supuni, chala kapena china chilichonse m'kamwa, chifukwa munthu sangameze lilime lake koma mukhoza kumuthyola mano kapena kumutsamwitsa. Kugwedezeka kukatha, mugonekeni chammbali ndipo mukhale naye mpaka atatsitsimuka. Ngati kwapitirira mphindi 5, ngati wagwanso asanatsitsimuke, kapena ngati wavulala, itanani a zachipatala mwamsanga. Anthu ongoonerera abalalitsidwe, ndipo ngati wadzinyowetsa, mufunditseni nsalu kapena jekete kuti akadzuka asapeze maso a ofesi yonse ali pa iye.

Pomaliza gawoli, nenani momveka kuti funso lakuti "chinachitika n'chiyani kuti mukhale chonchi?" si la munthu aliyense. Mwini wake akafuna kufotokoza, adzafotokoza.

Chachisanu ndi chimodzi: yeserani

Zongomva zimaiwalika msanga, choncho theka la nthawi lipite ku kuyeserera. Tengani zochitika zitatu za pamalo anu omwewo, monga mlendo wosaona amene wafika pa tebulo lolandirira alendo kudzasaina fomu, msonkhano wa m'mawa umene muli mnzanu wosamva, ndiponso kasitomala wachibwibwi amene waimba foni. Wolandira alendo ayese kunena kuti, "Takulandirani mayi, ndine amene ndimalandira alendo pano. Pali fomu ya tsamba limodzi. Mungakonde kuti ndikuwerengereni kapena ndikutumizireni pa foni?" Wophunzitsa amukonze pomwepo, kenako abwerezenso mpaka mawuwo atazolowera pakamwa.

Lolani mafunso amene anthu amachita nawo manyazi, ndipo mungaike bokosi loti aponyemo mafunso opanda maina. Phunzitsaninso kapepesedwe, chifukwa aliyense adzalakwitsa tsiku lina. Kunena kuti "pepani, ndalakwitsa" n'kukonza cholakwikacho n'kokwanira. Kupepesa kosatha kumachititsa kuti wolakwiridwayo akhale ndi ntchito yotonthoza amene wamulakwira.

Chachisanu ndi chiwiri: khalani ndi mamanijala paokha

Amene amalemba anthu ntchito ndi kuwayang'anira amafunika ola lina lapadera, chifukwa zolakwa zawo zimakhudza malipiro ndi tsogolo la munthu. Yambani ndi intavyu. Funso lakuti "ndi mmene mulilimu, mungakwanitse?" lilowedwe m'malo ndi funso limene lingafunsidwe kwa wina aliyense: "Ntchitoyi imafuna kuyendera nthambi zathu ndi kulemba malipoti mlungu uliwonse, inu mungaigwire bwanji?" Munthu waulumali nthawi zambiri amakhala ndi yankho limene manijala sanaliganizirepo, chifukwa iye wakhala akupeza njira tsiku ndi tsiku. Onaninso zofunika zimene mumalemba potsatsa ntchito. Ngati mwalemba kuti pakufunika laisensi yoyendetsera galimoto pomwe ntchitoyo ndi ya patebulo, mwatsekera kunja anthu ambiri popanda chifukwa.

Wantchito akabwera kudzapempha kuti zina zisinthe, manijala amvetsere kaye ndipo afunse chimene mwini wakeyo akuona kuti chingathandize, asanayambe kuwerengera mtengo m'mutu. Zambiri mwa zopempha zotere sizifuna ndalama zochuluka: kusamutsira tebulo pansanjika yapansi, kusintha nthawi yoyambira ntchito, kupereka malangizo olembedwa, kulola munthu kupita kuchipatala pa tsiku lake, kapena kumuika pakona yopanda phokoso. Zimene mwagwirizana zilembedwe, pakhale tsiku loyankhira, ndipo pakapita milungu ingapo mukhalenso pansi kuona ngati zikuthandiza. Pempho limene limangouzidwa kuti "tiona" kwa miyezi isanu ndi umodzi lakanidwa, ngakhale palibe amene wanena mawu okana.

Chinsinsi chisungidwe. Zimene munthu waulula zokhudza thanzi lake zisafike ku gulu popanda chilolezo chake, ndipo anzake akayamba kung'ung'udza kuti bwana akukondera, manijala anene kuti kampani imathandiza wantchito aliyense malinga ndi zosowa zake, osaulula matenda a munthu pofuna kudziyeretsa.

Pali tsankho lina limene limavala nkhope ya chikondi, ndipo limeneli ndi limene ndimaliopa kwambiri. Manijala amasiya kumutuma munthu waulumali ku maulendo a ntchito poti "angavutike," samupatsa ntchito yovuta, samudzudzula akalakwitsa, ndipo nthawi yokweza anthu ikafika amati alibe luso lokwanira. Luso akanalitenga kuti, pomwe mipata yonse analandidwa mwaulemu? Mufunseni ngati akufuna kupita. Muuzeni ntchito yake ikaperewera, monga mungauzire wina aliyense, mutatsimikiza kaye kuti ali ndi zipangizo zoyenera.

Chomaliza: ngozi zadzidzidzi ndi kulondoloza

Musatseke maphunziro musanakambe za moto. Alamu ya phokoso lokha siichenjeza munthu wosamva, choncho pamafunika ya magetsi ophethira kapena munthu wosankhidwa woti amudziwitse. Chikepe wamba sichigwiritsidwa ntchito moto ukabuka, ndiye munthu wa njinga amene ali pansanjika yachitatu atsika bwanji? Funso limeneli liyankhidwe limodzi ndi mwini wakeyo, yankho lilembedwe, atchulidwe womuthandiza komanso wolowa m'malo ngati woyambayo ali patchuthi, ndipo ziyesedwe pa tsiku loyeserera kuthawa moto.

Kenako bwererani ku kope lija. Pa chinthu chilichonse chimene munalemba, ikanipo dzina la wochikonza ndi tsiku lomalizira, ndipo muyambe ndi zimene zingatheke mlungu womwewo, monga kuchotsa katundu m'chimbudzi ndi kusintha fomu. Konzani njira yoti munthu adandaulire popanda kudzera kwa amene akumudandaulayo. Wantchito aliyense watsopano alandire phunziroli m'milungu yake yoyambirira, chifukwa anthu amabwera ndi kuchoka ndipo zophunzira za chaka chatha zimachoka nawo. Tsiku la 3 Disembala, limene United Nations inalikhazikitsa mu 1992 kukhala lokumbukira anthu aulumali, lingakhale tsiku labwino loti bwana wamkulu aziuza antchito zimene zakonzedwa m'chakacho ndi zimene zatsala.

Pakatha miyezi itatu, funsani antchito aulumali mmodzimmodzi, pambali, ngati aona kusintha kulikonse pa kalankhulidwe ka anzawo ndi pamisonkhano, ndipo mulembe zimene anena ngakhale zitakhala zowawa kumva. Mukatero tengani kope ndi tepi yoyezera ija, muitanenso amene munayenda naye poyamba, ndipo muyambirenso pageti.